Dzanja Limene Linamuzula M'thope

Chiyambire tsiku limene galu wa alendo okwera mapiri anapha nkhosa za bere za a Malachy Cafferkey, dzina la Fergal Tighe silinkatchulidwa m'nyumba mwawo. Galuyo sanali wa Fergal. Anali wa mayi wina wa ku Dublin amene anamumasula chingwe anthu akuyang'ana kumbali. Koma wotsogolera gululo anali Fergal, ndipo kwa a Malachy mlandu unathera pomwepo. Anagula loko wonga chibakera, nakhoma chipata cha njira yachidule yokwerera phiri la Corslieve, ndipo potuluka mu Misa anauza aliyense wofuna kumva kuti obwera ameneyo akadzapondanso pamalo pawo adzaona chidameta nkhanga mpala.

Chimene sankadziwa n'chakuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Dervla, anali atapereka kale mtima wake kwa obwerayo. Awiriwa ankakumana mozemba, pena m'galimoto kuseri kwa tchalitchi chakale, pena ku Westport komwe kunalibe maso a anthu akwawo ku Ballycroy. Dervla ankadziuza kuti mkwiyo wa bambo ake uzizira wokha. Miyezi inadutsa, mkwiyo uli chiwirire.

*

Lachisanu m'mawa Dervla anali m'khitchini, akupaka batala buledi amene mayi ake anali atangophula kumene, pamene foni yake inalira. Chinali chithunzi chotumizidwa pagulu la pafoni la okwera mapiri. Fergal anali ataima pansonga ya phiri lina, akuseka mano onse pamtunda. Pambali pake panali mkazi wamtali wa tsitsi lofiirira, atamukoleka dzanja paphewa ngati munthu wozolowera pamalopo. Kumutu kwa mkaziyo kunali chipewa chobiriwira chimene Dervla analukira Fergal ndi manja ake nthawi yachisanu.

Anaika mpeni pansi.

"Chipewa chija chapeza mutu wina?" analemba.

Yankho silinachedwe. "Ndi Sorcha uyo. Anaiwala chake, ndiye kunali mphepo yoopsa."

"Sorcha ndi ndani?"

Timadontho tosonyeza kuti munthu akulemba tinkaoneka, n'kuzimirira, n'kuonekanso.

"Wa kwathu ku Sligo. Tinadziwana kalekale. Wangobwera kumene kuchokera ku Canada. Ndikufotokozera bwino tikaonana."

"Mawa mukukwera naye Corslieve?"

"Tilipo angapo, si awiri."

"Ndiye onjezerapo mmodzi."

"Dervla, limenelija si phiri loyambira. Ndi matope okhaokha, ndipo poti chipata n'chokhoma tizungulira kunkhalango. Ndi ulendo wa tsiku lonse. Nanga adadi ako akamva?"

"Ndinabadwira patsinde pake. Usandiphunzitse."

Zoona anabadwira patsinde pake, koma pamwamba anali asanafikepo. Kwawoko phiri ankakwera ndi wosaka nkhosa yotayika. Wokwera popanda chifukwa ankamuyesa wozungulira mutu.

"Bulediyo wakulakwira chiyani?" anafunsa mayi ake, a Breege, osacheuka n'komwe pamene ankatsuka makapu.

"Palibe, mami."

"Ndi mnyamata wa majombo uja."

Dervla anatolanso mpeni uja n'kupitiriza kupaka batala.

"Ukuyesa ndilibe maso? Munthu wokagula mkaka sapaka milomo." Anapukuta manja, natsitsa mawu. "Ine mnyamatayo ndilibe naye mlandu. Koma sitikudziwa kwawo, sitikudziwa amake. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma usaiwale kuti kalumo kamachekanso."

Chitseko chinatseguka, a Malachy nalowa, galu wawo wa nkhosa ali pambuyo.

"Mukunong'onezana chiyani m'mawa uno?"

"Mawa ndikupita ku Castlebar, adadi," anatero Dervla, bodza likutuluka losalala mpaka iye mwini kudabwa. "Ndikafune diresi la ukwati wa msuweni wanga uja."

"Ugule lofika m'maondo, osati timipango tanu tija." Anadzithirira tiyi, kenaka anawonjezera ngati nkhani yopanda pake. "Teyala lakumbuyo la galimoto yako linali lofooka. Ndakupopera."

Dervla anakankhira buledi uja pambali.

*

Anakumana pamalo oimika magalimoto m'mphepete mwa nkhalango ya paini. Mitambo inali yotsika, ndipo tizilombo touluka toluma tinali titadzuka kale, tikulowa m'makutu ndi m'tsitsi. Panali Fergal, banja lina la aphunzitsi opuma ntchito, ndi iye uja.

Pamaso Sorcha anali wokongola kuposa pachithunzi, ndipo zimenezi zinamuwawa Dervla.

"Ndiwe Dervla eti? Ndamva zambiri za iwe." Anamuyang'ana kumapazi. "Majombowo ndi atsopano? Pofika masana ukhala ukuwatukwana."

"Ine za inu sindinamvepo kalikonse."

Sorcha anaseka, natembenukira kwa Fergal. "Sindikudabwa. Ameneyu pakamwa pake m'pokhoma kuyambira kale."

Fergal anakhala ngati watanganidwa ndi malamba a chikwama chake.

Atatuluka m'nkhalango, patsogolo pawo panali dambo lakuda lopanda mtengo ngakhale umodzi, lokwera pang'onopang'ono mpaka kukalowa m'mitambo. Phazi lililonse linkamira mpaka mu akakolo n'kutuluka ndi phokoso la ng'ombe yozula ziboda. Sanapite patali, madzi anali atalowa kale m'majombo a Dervla. Fergal ankayenda kutsogolo akugwaza pansi ndi ndodo, n'kumawauza poponda: pa zitsamba ndi pa udzu wouma, osati pobiriwira mosalala. Ankati akacheuka kuti amwetulire Dervla, n'kupeza Sorcha ali pakati pawo.

Pamtsinje aphunzitsi aja anaona madzi atasefukira, nanena kuti iwo ali ndi zidzukulu zofuna kuziona zikukula. Anabwerera. Anatsala atatu.

Atawoloka anakhala pathanthwe kuti apume. Sorcha anatsegula fulasiki, nathira tiyi, nathiramo kadontho ka mkaka popanda shuga, napatsa Fergal osafunsa.

"Bondo lija likuvutabe?"

"Pang'ono," anatero Fergal, maso ali m'kapu.

"Bondo liti?" anafunsa Dervla.

"Sanakuuze? Analithyola ku Scotland. Amene anamutsitsa phiri ndine. Analira ngati khanda lobatizidwa."

"Sorcha, basi."

"Nanga ndanama?"

Dervla anamwa tiyi wake. Mwamuna amene ankanamizira makolo chifukwa cha iye anali ndi bondo lothyoka, anali ndi zaka zimene iye sankazidziwa, ndipo mkazi uyu ankayendamo m'zakazo ngati m'nyumba yake.

*

Anafika pamwamba dzuwa litapendeka, ngakhale dzuwalo panalibe analiona. Pansongapo panali mulu waukulu wa miyala. Mphepo inkalira m'mipata yake, ndipo kuchokera kunyanja chifunga chinkabwera chikukwawa. Sorcha anazungulira kuseri kwa miyalayo kuti akavale chovala china. Dervla anagwira Fergal pamkono.

"Undiuze zoona. Munali pachibwenzi?"

"Dervla, pano si malo ake. Taona chifunga chikubweracho. Titsike kaye."

"Inde kapena ayi?"

"Ndi nkhani yaitali."

"Ine ndanamiza adadi anga chifukwa cha iwe. Munthu wandipopera teyala dzulo kuti ndiyende bwino ulendo wabodza. Iwe ukulephera liwu limodzi?"

"Ndimakonda iwe. Zoona zimene ndili nazo ndi zimenezo."

"Sindinafunse zimenezo."

Fergal anatambasula dzanja kuti amugwire patsaya, iye nalikankha.

"Kwathu ndi pansi pompa. Utsike naye wekha mnzako wakalekaleyo."

Anatembenuka n'kuyamba kutsetsereka. Anamva Fergal akuitana dzina lake, nawonjeza liwiro. Misozi ndi mvula ya mawawa zinasakanikirana kumaso. Atacheuka, mulu wa miyala uja kunalibe. Kunalibe phiri, kunalibe thambo, kunali kuyera kokhakokha mbali zonse. Mawu a Fergal anamveka kumanja, kenaka kumanzere, kenaka sanamvekenso.

Anatulutsa foni. Inalibe netiweki.

Anayenda pakati pa zigwembe za dothi lakuda zotalika kuposa munthu, akugwa, akudzuka, osadziwanso ngati akulowera kwawo kapena kuchipululu cha kumpoto kumene kulibe nyumba. Kenaka anaona patsogolo pake malo osalala, obiriwira bwino ngati bwalo la mpira. Thupi lotopa linasankha lokha.

Phazi loyamba linalowa mpaka m'bondo. Pofuna kulizula anaponda ndi linzake, ndipo pansi ponse panagwedezeka ngati chikopa cha ng'oma. Analowa mpaka m'ntchafu. Anaphiriphitha, nalowa mpaka m'chiuno. Kuzizira kwake kunamubaya m'mafupa mpaka mpweya kubanika. Anakumbukira ng'ombe ya aneba awo imene inasowa iye ali mwana, n'kudzapezeka nyanga zokha zili pamtunda.

Anaitana Fergal. Anaitananso. Kenaka anazindikira kuti amene akumuitana tsopano ndi adadi ake.

*

Munthu amene anatuluka m'chifungamo anali Sorcha.

Anaima m'mphepete mwa chithaphwicho, ndodo ziwiri zili m'manja, akumuyang'ana. Kwa kanthawi sanasunthe. Dervla anaona pankhope yake chinthu chimene sanachimvetse, ndipo mantha ake anasanduka a mtundu wina.

Kenaka Sorcha anavula chikwama.

"Siya kulimbana nalo. Ukamaphiriphitha m'pamene limakumeza. Gonera chagada ngati uli m'bafa, utambasule manja."

"Fergal ali kuti?"

"Wathamangira kumene kukanapita munthu woganiza. Ine ndatsata kumene kungapite munthu wokwiya. Gona, ndati."

Anaponya chikwama pamatopepo, nayala ndodo zija mopingasa, nagona chafufumimba, nayamba kukwawa. Pansi pankatitimira pansi pa chifuwa chake, madzi akuda akumufika pachibwano, koma sanabwerere. Anagwira Dervla padzanja, kenaka pakhosi la jekete.

"Mwendo umodzi kaye. Pang'onopang'ono. Ulisiye jombolo ngati likukana, si m'bale wako."

Thope linamugwira ngati lili ndi zala. Sorcha ankakoka, n'kupuma, n'kukokanso, akutukwana chapansipansi. Mwendo wamanzere unatuluka wopanda jombo. Wamanja unatsatira. Anakhwekhwerezana mpaka pa zitsamba, nagona pomwepo onse awiri, akuda bii, akupuma mwawefuwefu.

Sorcha ndiye anayamba kudzuka. Anamuvula Dervla jekete ndi malaya onyowa ngati akuvula mwana, navula juzi yake yaubweya n'kumuveka. Anamukumbatira chakumbuyo kuti amupatse kutentha kwa thupi lake, uku akuimba wezulo mobwerezabwereza.

Mano a Dervla ankagundana. "Ndinakuganizirani zoipa," anatero movutikira.

Sorcha anatsegula fulasiki n'kumugwirira kapu pakamwa.

"Imwa. Usayankhule."

Fergal anatulukira akutsimphina, nkhope ili mbuu. Anagwada m'matopemo, nagwira nkhope ya Dervla ndi manja onse awiri. Dervla anafuna kumukankhanso, koma manja ake anakagwira malaya a Fergal n'kukanirira pomwepo.

"Kunkhalango safika uyu," anatero Sorcha. "Wazizidwa kwambiri, ndipo phazi lili pamtunda."

Fergal anayang'ana kumunsi. Njira yachidule inali imodzi yokha, ndipo onse ankadziwa kumene inkathera.

"Kwera kumsana," anatero.

*

Fergal anamubereka potsika phirilo. Dervla ankamva mmene thupi la Fergal linkagwedezekera akaponda ndi mwendo wovutawo, koma atamuuza kuti amutsitse, anangomukweza bwino n'kupitirira. Atatuluka pansi pa chifunga anaona minda, makoma a miyala, ndi utsi ukufuka padenga la kwawo.

Galu ndiye anayamba kuwaona. Pachipata chokhoma chija panali a Malachy, atatsamira njinga yawo yamoto ya mateyala anayi, akuwerenga nkhosa ndi maso. Anawongoka pang'onopang'ono. Anayang'ana Fergal, nayang'ana mtolo unali kumsana kwake.

"Ku Castlebar kwasamukira kuphiri?"

"Adadi..."

Apo m'pamene anaona milomo ya Dervla itada, ndi phazi lopanda jombo. Mawu ena amene anali pakamwa anawameza. Anapisa m'thumba, natulutsa kiyi, natsegula loko uja.

"Mukwezeni apa," anatero osayang'ana Fergal. "Inu awiri mutsatire. Galuyu saluma anthu. Si wa ku Dublin."

*

A Breege sanafunse funso ngakhale limodzi. Anasonkhezera moto, nakhazika Dervla pafupi, namufunditsa bulangete pamwamba pa juzi ija, naviika mapazi ake m'beseni la madzi ofunda. Anapatsanso Sorcha thaulo ndi mpando. Fergal anaima pakhomo, madzi akudontha, osadziwa ngati waloledwa kulowa.

A Malachy anamuyang'ana kwa nthawi. Bondo la Fergal lija linali litatupa mpaka kukoka buluku.

"Wamubereka kuchokera pati?"

"Kumunsi pang'ono kwa mulu wa miyala, bambo."

Mkuluyo ankalidziwa phirilo kuposa chikhatho chake, ndipo mtunda umenewo anauyeza mumtima. Anapita kukabati, natulutsa botolo la wisiki limene linkatuluka pa Khirisimasi ndi pamaliro pokha. Anathira m'tambula, naikankhira kumapeto kwa tebulo.

"Khala pansi usanagwe. Sindikufuna kunyamula obwera m'nyumba mwanga."

Fergal anatenga tambulayo koma sanakhale.

"Bambo, za nkhosa zija ndinapepesa, ndipo ndipepesanso nthawi iliyonse mungafune. Koma lero sindibisanso. Mwana wanuyu ndimamukonda."

A Breege anachita chizindikiro cha mtanda. Dervla anadikira kuti denga ligwe.

"Imwa kaye," anatero a Malachy. "Zinazo tidzakambirana ukadzaima ndi miyendo iwiri."

Sanavomere, koma sanakane. Dervla anawadziwa bambo ake moyo wake wonse, ndipo anadziwa kuti chitseko chatseguka kamng'alu. Kutentha kunayamba kubwerera m'thupi mwake. Mtima wake unadzaza mpaka anafuna kuti aliyense m'chipindamo alandireko gawo.

"Adadi, amene anandizula m'thope ndi awa," anatero akuloza Sorcha. "Anakwawa chafufumimba kudzandigwira. Pakanapanda iwo, bwenzi mukundifuna ndi ndodo mawa."

A Malachy anavula kapusi yawo, chinthu chimene sankachita kawirikawiri ngakhale pamaso pa ansembe.

"Pepani mayi, takusiyani ngati mlendo wamba. Nyumba ino ndi yanu kuyambira lero. Tikuthokoza ndani?"

Sorcha anapinda thaulo lija bwinobwino n'kuliika pamwendo. Sanayang'ane a Malachy. Anayang'ana Fergal.

"Uwauza ndiwe, kapena ndiwauze ndine?"

"Sorcha, chonde. Osati pano."

"Kuphiri unati si malo ake. Pano si malo akenso. Malo akewo ali kuti, Fergal? Ine ndamugwira mtsikanayu m'manja mwangamu akunjenjemera, akundipepesa. Sindingamwe tiyi wa mayi ake ndili chete." Anatembenukira kwa mkulu uja. "Dzina langa ndi Sorcha Tighe, bambo."

"Tighe?" anatero a Breege, ketulo ili m'manja. "Ndinu mlongo wa Fergal?"

"Ayi, mayi. Ndine mkazi wake. Tinasiyana, inde, ine n'kupita ku Canada. Koma ukwati wathu palibe khoti limene linauthetsa. Ndipo ndisakunamizeni, sindinabwerere kuti ndidzauthetse."

A Malachy anavalanso kapusi yawo. Anayenda mpaka pamene panaima Fergal, namulanda tambula ija mwaulemu ngati akulandira chopereka, nakhuthulira wisikiyo m'sinki.

"Fergal," anatero Dervla, mawu ake ali aang'ono. "Nena kuti akunama."

Fergal anayang'ana pansi pamene madzi a m'zovala zake anali atapanga kadziwe.

"Ndimafuna ndikuuze zonse zikatha," anatero.

Dervla anakankha bulangete, nayamba kuvula juzi ya Sorcha. Koma zala zake zinali zikadali dzanzi, ndipo ubweya wonyowawo unamukanirira m'mapewa. Analimbana nayo yekha, mapazi ali m'beseni, anthu anayi akumuyang'ana, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene analimba mtima kumuyandikira.